Kumvetsera Bach ndi Mozart kuti khutu lidziwe kusiyanitsa: njira iti imathandiza?

Munthu akhoza kumamvera Vivaldi tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu, n'kumamukonda ndithu, koma mutamuyatsira kachigawo ka nyimbo yachilendo n'kumufunsa ngati ndi ya nyengo ya Baroque kapena ya Classical, angokanda kumutu. Khutu lake lili bwinobwino, kungoti palibe anamuuza choti azisaka. Njira zomvetsera zilipo zingapo ndipo sizibala zipatso zofanana. Zina zimangokuzoloweretsani nyimbo, zina zimakuphunzitsani kutchula chimene mwamva.

Tiyambe ndi dzina, chifukwa limasokoneza ambiri. Pa intaneti mawu akuti Classical amakuta nyimbo zonse zakale za ku Ulaya, kuyambira Monteverdi mpaka Tchaikovsky. Kwa wophunzira nyimbo, Classical ndi nyengo yaifupi, cha m'ma 1750 mpaka cha m'ma 1820, ndipo likulu lake linali mzinda wa Vienna, kumene Haydn, Mozart ndi Beethoven ankagwira ntchito. Baroque inayamba kale, cha m'ma 1600 ku Italy, ndipo malire ake amaikidwa pa 1750, chaka chimene Johann Sebastian Bach anamwalira. Ndiyo nyengo ya Corelli, Purcell, Vivaldi, Handel ndi Bach mwiniwakeyo.

Chimene khutu likusaka

Nyimbo ya Baroque imamangidwa kuchokera pansi. Pali mzere wa besi umene umayenda osapuma, woimbidwa ndi cello kapena bassoon, ndipo pamwamba pake harpsichord (choimbira chakale cha makiyi chonga piyano) kapena ogani imadzaza ma chord, noti zingapo zomveka pamodzi. Gulu laling'onoli limatchedwa basso continuo. Chuni cha pamwamba chimatalika ngati ulusi wosomphoka, chikubwereza kachidutswa kamodzi pamalo okwera kapena otsika pang'ono, ndipo sichikonda kuima. Chigawo chikayamba mwachimwemwe chimatha mwachimwemwe, chikayamba ndi chisoni chimatha ndi chisoni. Mphamvu ya mawu imasintha mwadzidzidzi ngati masitepe: apa mwamphamvu, apa mofewa, popanda kukwera pang'onopang'ono. Chifukwa chimodzi n'chakuti harpsichord imakodola waya ndi kachikhadabo, choncho kaya mumenye kiyi mwamphamvu kaya mofewa, mawu amatuluka pafupifupi ofanana.

Nyimbo ya Classical imapuma. Chuni chimabwera m'ziganizo zazifupi zofanana kutalika, kawirikawiri ma bar (timagawo tofanana ta mabiti) 4 ofunsa ndi ma bar 4 oyankha. Mawu ena onse amaperekeza chunicho m'malo molimbana nacho. Besi imatha kukhala pa noti imodzi kwa bar yathunthu kapena kupitirira. M'chigawo chimodzi mukhoza kumva ukali, nthabwala ndi kudandaula motsatizana. Mawu amakula pang'onopang'ono, luso limene orchestra ya ku Mannheim inatchuka nalo m'ma 1750, ndipo piyano, imene Bartolomeo Cristofori anapanga ku Florence cha m'ma 1700, inalanda malo a harpsichord chifukwa nyundo zake zimamvera chala.

Mwa zonsezi, chizindikiro chodalirika kwambiri ndi besi. Ndiye pali nkhani ya chomvetsera, imene imakhudza njira iliyonse imene mungasankhe. Noti yotsikitsitsa ya cello ili pa 65 Hz, ya double bass pa 41 Hz, pamene kasipika ka foni sikatulutsa bwino mawu otsika chonchi. Mukamvera Bach pa kasipika kotere mumamva mavayolini okha, maziko onse atasowa. Mahedifoni wamba a waya, ngakhale otchipa, amabweza besiyo. Malo aphokoso monga mu minibasi amameza zigawo zofewa, ndipo mumalephera kumva kusiyana kwa mphamvu ya mawu. Pa bandulo musade nkhawa kwambiri: nyimbo ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndipo nyimbo 10 zosungidwa mu foni zikukwanirani mwezi wathunthu.

Kusiya nyimbo zizingolira

Iyi ndiyo njira imene ambiri amayambira. Mumatsegula mndandanda wa nyimbo pa YouTube kapena Spotify, n'kumagwira ntchito zina. Ubwino wake ulipo: khutu limazolowera kamvekedwe ka zoimbira, ndipo pakapita milungu ingapo mumayamba kuzindikira oboe ndi clarinet popanda kuganiza. Sichifuna khama lililonse.

Koma pophunzira zizindikiro za nyengo, njirayi ndi yofooka, ndipo nthawi zina imasocheretsa. Mindandanda yambiri imasankhidwa kuti ikhale yoziziritsa mtima, choncho imadzaza ndi zigawo zapang'onopang'ono zokhazokha, zochotsedwa m'nyimbo zake. Symphony ya Haydn, nyimbo yaitali ya orchestra, kawirikawiri imakhala ndi zigawo 4 zimene zinakonzedwa kuti zitsatizane: chofulumira, chapang'onopang'ono, gule wa mabiti 3 wotchedwa minuet, kenako chofulumira chotsekera. Foni ikamasakaniza nyimbo mwachisawawa, dongosolo limeneli simulimva n'komwe. Komanso mindandanda ya Baroque imalowetsa zinthu zimene si za Baroque. Chitsanzo chodziwika ndi Adagio mu G minor imene imalembedwa dzina la Albinoni: anaikonza ndi Remo Giazotto ndipo inasindikizidwa mu 1958. Air ya Bach ya mu Orchestral Suite No. 3 nayo imamveka kawirikawiri m'makonzedwe a August Wilhelmj a m'ma 1800, olemera ndi okoka. Mukaphunzira Baroque pa zitsanzo zotere, mwaphunzira chinthu china.

Njirayi isungeni ngati chakudya cha pambali. Ngati mukuigwiritsa ntchito, yatsani chimbale chathunthu cha wopeka mmodzi, zigawo zili m'malo mwake.

Nyimbo imodzi, maulendo asanu

Njira imene imapindulitsa kwambiri pa mphindi iliyonse imene mwaononga ndi iyi: kusankha chigawo chimodzi chachifupi, cha mphindi 3 mpaka 6, n'kuchimvera kasanu, ulendo uliwonse muli ndi funso limodzi lokha. Khutu losazolowera silingatsate zinthu zitatu nthawi imodzi. Mukaliuza kuti "saka zonse", limathawira ku chuni cha pamwamba n'kukhala pomwepo.

Tengani chigawo choyamba cha Spring ya Vivaldi, RV 269 m'kaundula wa nyimbo zake, ya m'gulu la The Four Seasons limene linasindikizidwa ku Amsterdam mu 1725. Chimatenga mphindi 3 ndi theka kapena kuchepera pang'ono. Khalani ndi pepala, cholembera, ndipo muziona nthawi pa foni.

Ulendo woyamba ingomverani, osalemba kanthu. Ulendo wachiwiri tsatani besi yokha, ngati mmene woimba besi m'kwaya amanyalanyazira sopulano kuti asasochere. Ulendo wachitatu lembani nthawi iliyonse imene mphamvu ya mawu yasintha. Simudikira: chiganizo choyamba chimaimbidwa mwamphamvu, nthawi yomweyo n'kubwerezedwa mofewa ngati chiphokoso chobwerera kuphiri. Ulendo wachinayi werengani kuti chuni cha gulu lonse chabwerera kangati, ndipo pakati pake pachitika chiyani. Mupeza mbalame zoimbidwa ndi mavayolini 3, mtsinje, mabingu ndi mphezi, kenako mbalame kachiwiri, ndipo pakati pa zonsezi gulu lonse limabwerera ndi chidutswa cha chuni choyamba chija. Mabingu akatha, chimabwerera mu kiyi ya minor. Kamangidwe kameneka ndi ritornello, msana wa concerto ya Baroque, nyimbo imene woimba wapadera amasinthana ndi gulu lonse. Ulendo wachisanu mverani zoimbira, makamaka kaphokoso kowala ka harpsichord kumbuyo, ngati chojambulidwa chanu chili nayo.

Tsiku lina chitani chimodzimodzi ndi chigawo choyamba cha Eine kleine Nachtmusik ya Mozart, K. 525, ya 1787. Apa funso lalikulu ndi kamangidwe kotchedwa sonata form. Chiyambi chake mu solfa ndi d s, d s, d s, d m s, kenako yankho f r f r f r t, r s, ndipo zoimbira zonse zikuimba noti zofanana. Funso ndi yankho, ma bar 2 ndi ma bar 2, pakati pali kupuma.  Pa bar 28 pakubwera chuni chachiwiri, chofatsa, ndipo nyimbo yasamuka kuchoka mu G kupita mu D. Mbali yonseyi, mpaka bar 55, ndi exposition, mbali yoonetsa machuni. Kuyambira bar 56 Mozart akutenga zidutswa n'kuziyendetsa m'makiyi ena kwa ma bar 20 okha, ndiyo development. Pa bar 76 chiyambi chija chabwerera, ndiyo recapitulation, ndipo tsopano chuni chachiwiri chimakhala mu G, kwawo. Pepala lanu likhale ndi nthawi za zinthu zinayi zimenezi.

Pali msampha umodzi. Mozart analemba kuti exposition ibwerezedwe, ndipo oimba ena amabwereza, ena sabwereza. Oyamba kumene akamva chiyambi kachiwiri pakangotha mphindi imodzi ndi theka amaganiza kuti afika kale pa recapitulation. Chozindikirira ndi ichi: ngati simunamve chigawo chosakhazikika, choyendayenda m'makiyi, ndiye kuti uku ndi kubwereza chabe. Pa chifukwa chomwechi, nthawi zimene wina analemba pa chojambulidwa chake sizingagwirizane ndi zanu.

Wina angafune kuyamba ndi sonata ya piyano K. 545 chifukwa ndi yosavuta. Ndi yabwino kwambiri pophunzira Alberti bass, kaperekezedwe ka dzanja lamanzere ka d s m s d s m s. Koma pa sonata form si chitsanzo choyambira, chifukwa chuni choyamba chimabwerera mu F m'malo mwa C, zimene sizichitika kawirikawiri.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti imachedwa ndipo imatopetsa. Mphindi 20 mpaka 25 ndi zokwanira pa tsiku. Mukapitirira pamenepo khutu limagona ngakhale maso ali otseguka. Kuipa kwina ndi kuloweza: mukhoza kudziwa Spring mpaka kuilota, koma osazindikira ritornello mu concerto ina. Mankhwala ake ndi kusintha nyimbo mlungu uliwonse funso likhale lomwelo.

Kuika ziwiri pamodzi

Khutu limazindikira kusiyana msanga kuposa mmene limazindikirira chinthu chili chokha. Mukalawa ndiwo ziwiri motsatizana mumadziwa yomwe yachepa mchere, pamene mutalawa imodzi lero ina mawa mukhoza kukayika. Njira iyi ndi kumvera masekondi 60 mpaka 90 a nyimbo ya Baroque, nthawi yomweyo masekondi ofanana a nyimbo ya Classical, n'kubwereza katatu.

Chinsinsi chili pa kusankha ziwirizo. Zikhale za mtundu umodzi, liwiro lofanana ndi zoimbira zofanana, kuti chosiyana chikhale kapekedwe kokha. Mukaika nyimbo ya ogani ya Bach pambali pa opera ya Mozart, mungomva kuti ina ili ndi oimba pakamwa ina ilibe, ndipo simunaphunzire kanthu.

Kwa anthu a kwaya, poyambira pabwino ndi "And the glory of the Lord" ya mu Messiah ya Handel, imene inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, pambali pa Ave verum corpus ya Mozart, K. 618, ya 1791. Liwiro lake n'losiyana, koma kalukidwe ka mawu kamaonekera poyera. Kwa Handel, timachuni 4 timaponyedwa kuchokera ku alto kupita ku tena, besi ndi sopulano, mawu ena akulowa ena asanamalize. Kwa Mozart, m'ma bar 46 okha, mawu onse anayi amayenda limodzi pafupifupi nthawi yonse, kupatula chakumapeto pamene sopulano ndi alto amatsogola, tena ndi besi n'kutsatira.

Pa nyimbo za kiyibodi, ikani Fugue mu C minor, BWV 847, ya mu buku loyamba la The Well-Tempered Clavier la 1722, pambali pa K. 545 ija, zonse ziwiri pa piyano kuti choimbira chisakuuzeni yankho. Mu fugue, chuni chimalowa chokha m'mawu apakati, kenako m'mawu apamwamba, kenako mu besi, ndipo atatuwa ndi ofanana udindo mpaka kumapeto. Mwa Mozart dzanja lamanja ndi mfumu, lamanzere ndi nyakwawa.

Pa concerto, Brandenburg No. 2 ya Bach, ya m'gulu limene analipereka mu 1721, ili ndi oimba apadera 4, lipenga, recorder, oboe ndi vayolini, olowa ndi kutuluka m'gulu mosalekeza. Piano Concerto K. 488 ya Mozart ya 1786 ili ndi woimba wapadera mmodzi, amene amadikira orchestra imalize kuonetsa machuni kwa mphindi ziwiri kenako n'kulowa. Mveraninso ma clarinet mmenemo, choimbira chimene simuchipeza mu Brandenburg.

Pali chitsanzo china chimene chimaposa zonsezi. Mu 1789 Mozart anakonzanso Messiah ya Handel atapemphedwa ndi Baron Gottfried van Swieten, ndipo makonzedwewo ndi K. 572, oimbidwa m'Chijeremani. Noti za kwaya n'zomwezo kwakukulu, koma Mozart anawonjezera zitoliro, ma clarinet, ma horn ndi ma trombone. Mverani "The people that walked in darkness" mwa Handel: besi woimba pakamwa ndi zoimbira za zingwe akuyenda m'noti zofanana, mopanda zokometsera, ngati munthu wofufuza njira mumdima. Mwa Mozart zoimbira zouzira zimadzaza mpata wonsewo ndi ma chord oyenda pang'onopang'ono. Chuni chimodzi, zovala za nyengo ziwiri. Palibe buku limene lingafotokoze kusiyana kwa orchestra ya Baroque ndi ya Classical momveka kuposa mphindi 8 zimenezi.

Njira iyi imafulumira, ndipo kwa amene akukonzekera mayeso omvetsera ndiyo yofunika kwambiri. Malire ake ndi akuti masekondi 90 sakuonetsani kamangidwe ka chigawo chonse. Sonata form siimveka m'kachidutswa. Choncho imayenda bwino ikaphatikizidwa ndi ya maulendo asanu ija. Dziyeseni pouza mnzanu akuyatsireni zidutswa 10 osakuuzani mayina, ndipo pa chilichonse mutchule zifukwa ziwiri. Kungonena kuti "ikumveka ngati Baroque" sikuwerengedwa.

Kutsata manotsi

Webusaiti ya IMSLP ili ndi manotsi a nyimbo zonse zatchulidwa pano kwaulere, ndipo pa YouTube pali makanema ambiri oonetsa manotsi akuyenda limodzi ndi nyimbo. Diso limathandiza khutu pa zinthu zobisika. Mu fugue ya mawu anayi, monga ya ogani mu G minor, BWV 578, chuni chikalowa mu tena n'chovuta kuchimva, koma pa pepala maonekedwe ake amadziwika. Mukachiona kamodzi mudzachimva mpaka kalekale. Pa tsamba la Baroque muonanso manambala pansi pa besi, 6, 7, 4 3 ndi ena, amene ankauza woimba harpsichord chord yoti adzaze yekha.

Simufunika kudziwa kuwerenga noti iliyonse. Yambani ndi nyimbo ya mizere iwiri kapena inayi, monga string quartet, ya zoimbira za zingwe zinayi, ndipo tsatani mzere wapansi ndi chala. Tsamba la symphony lili ndi mizere 10 kapena kupitirira ndipo limasokoneza woyamba kumene. Kwa amene sanaphunzire manotsi a mizere, makanema a Stephen Malinowski amaonetsa mawu aliwonse ngati timizere ta mtundu wakewake, ndipo pa fugue amathandiza kwambiri. Mukhozanso kuchepetsa liwiro pa YouTube kufika 0.75 popanda kusintha kiyi.

Choopsa chake n'chakuti diso limalanda ntchito. Mumaganiza kuti mwamva pamene mwangoona. Choncho manotsi abwere pa ulendo wachitatu kapena wachinayi, ndipo ulendo womaliza ukhale wa maso otseka. Makanema amadyanso bandulo kwambiri kuposa mawu okha, ndipo pa foni yaing'ono manotsi saoneka bwino mukatsitsa ubwino wa chithunzi kuti musunge bandulo. Kusindikiza masamba atatu kapena anayi kumatchipa, ndipo mukhoza kulembapo ndi pensulo.

Kuimba nawo

Amene anakulira m'kwaya ya kutchalitchi ali ndi chida chimene ena alibe, ndicho solfa. Njira ya tonic solfa, imene Sarah Glover anayambitsa ku England ndipo John Curwen anaifalitsa m'ma 1800, inafika kuno ndi amishoni ndipo makwaya ambiri amaigwiritsabe ntchito. Ndi yabwino pophunzira nyimbo izi chifukwa imatchula ntchito ya noti mu kiyi, osati malo ake okha.

Imbani besi ya Canon ya Pachelbel: d s, l, m, f, d, f, s,. Ndi noti 8 zimene zimabwerezedwa maulendo 28 pamene mavayolini 3 akuthamangitsana pamwamba. Mukatha kuimba besiyo mpaka kumapeto osakokedwa ndi mavayolini, mwamvetsa ground bass, besi yobwerezabwereza, m'thupi mwanu. Kenako pitani ku "When I am laid in earth" ya mu Dido and Aeneas ya Purcell, kumene besi imatsika ndi theka la sitepe kuchoka pa G kufika pa D isanatseke. Chochititsa chidwi n'chakuti besiyo ndi ya ma bar 5, ndipo ziganizo za woimba sizithera pamene besi ikuthera. Zimadutsana, n'chifukwa chake nyimboyo siimveka yobwerezabwereza.

Ku Classical, imbani chuni cha chigawo chachiwiri cha Symphony No. 94 ya Haydn, imene inaimbidwa koyamba ku London mu 1792: d d m m s s m kenako f f r r t, t, s,. Werengani ma bar. Ndi 8, kenako 8 omwewo mofewa kwambiri, ndipo pa bar 16 orchestra yonse ndi ng'oma zake imagunda chord imodzi mwamphamvu. Nthabwalayo imagwira chifukwa ziganizo n'zofanana kwambiri moti khutu limaganiza kuti likudziwa chimene chikubwera. Yesaninso kulemba pamene mukupumira poimba chuni cha Haydn ndi poimba mzere wautali wa pa liwu lakuti "born" mu "For unto us a child is born" ya mu Messiah ya Handel. Mapapo anu akuuzani kusiyana kwa nyengo ziwirizi.

Solfa imavuta nyimbo ikamasintha kiyi pafupipafupi. Mu development ya Symphony No. 40 ya Mozart, imene imadumpha kuchoka ku B flat kupita ku F sharp minor n'kumayendabe, d amasamuka ma bar angapo aliwonse ndipo mumasochera. Pamenepo siyani kutchula mayina a noti, ingotsatani kachuni ka noti zitatu koyambirira kaja.

Makanema a oimba ali pa siteji ndi othandiza pa chinthu chimodzi, kulumikiza mawu ndi choimbira chake. Bungwe la Netherlands Bach Society limaika kwaulere makanema a nyimbo za Bach pansi pa dzina la All of Bach, ndipo mmenemo mumaona gulu la continuo lili pakati. Kamera imasankha yokha choti muone, ndipo kawirikawiri imakonda woimba wapadera, choncho musaidalire pa kalukidwe ka mawu.

Chojambulidwa chiti?

Nyimbo imodzi imamveka mosiyana kwambiri malinga ndi oimba. Pali magulu oimba pa zoimbira zamakono, ndipo pali ena oimba pa zoimbira zakale kapena zopangidwa motengera zakale, monga Concentus Musicus Wien imene Nikolaus Harnoncourt anayambitsa mu 1953, The English Concert yoyambitsidwa ndi Trevor Pinnock ndiponso Academy of Ancient Music yoyambitsidwa ndi Christopher Hogwood. Awa amagwiritsa ntchito zingwe za matumbo a nyama, sanjenjemeretsa mawu kwambiri, ndipo gulu limakhala laling'ono. Pophunzira zizindikiro za Baroque, yambani ndi awa. Mizere ya mkati imamveka bwino ndipo harpsichord siimizidwa.

Mukhala ndi vuto limodzi ngati mukufuna kutsata pa kiyibodi. Magulu ambiri a Baroque amachuna A pa 415 Hz m'malo mwa 440 Hz, kutanthauza kuti nyimbo yolembedwa mu D imamveka ngati C sharp pa kiyibodi yanu. Tsitsani kiyibodi ndi theka la sitepe pa batani la transpose. Magulu ena oimba Haydn ndi Mozart amachuna pafupi ndi 430 Hz, pakati pa makiyi awiri, ndipo apo pamafunika batani la tuning.

Musalole choimbira kapena liwiro kukhala umboni wanu wokha. Bach amaimbidwa pa piyano tsiku lililonse, ndipo Glenn Gould yekha anajambula Goldberg Variations kawiri, mu 1955 ndi mu 1981, ulendo woyamba mphindi pafupifupi 38, wachiwiri pafupifupi 51. Piyano siisandutsa nyimbo kukhala ya Classical. Nayo harpsichord imamveka m'ma opera a Mozart poperekeza zigawo zolankhula moimba, ndiponso m'zojambulidwa zina za ma symphony oyambirira a Haydn. Posaka nyimbo gwiritsani ntchito manambala a kaundula, BWV kwa Bach, HWV kwa Handel, RV kwa Vivaldi, K. kwa Mozart, chifukwa mayina ngati "Concerto mu D" ali ndi eni ake mazanamazana.

Ndani atenge iti

Wa mayeso amene watsala ndi milungu yochepa aike mphamvu pa kuyerekeza ziwiri, masiku anayi pa mlungu, ndi maulendo asanu masiku awiri kuti agwire ritornello, fugue, sonata form ndi minuet. Wa kwaya ayambe ndi kuimba besi, chifukwa ndi khomo limene lili lotseguka kale. Woimba kiyibodi apite ku manotsi msanga. Amene akungofuna kumvetsa zimene amakonda atenge nyimbo imodzi pa mlungu, ndipo m'miyezi itatu adzakhala ndi nyimbo 12 zimene amazidziwa mkati ndi kunja.

Mukayamba kupeza 8 kapena 9 podziyesa ndi zidutswa 10 zija, dzipatseni zovuta, chifukwa malire a 1750 ndi a m'mabuku chabe. Pergolesi anamwalira mu 1736, Bach akadali ndi moyo, koma nyimbo zake zambiri zili kale ndi ziganizo zazifupi ndi besi yopepuka. Dzina la Bach lokha lili ndi misampha: ana ake Carl Philipp Emanuel ndi Johann Christian ankapeka mosiyana ndi bambo awo, ndipo Johann Christian, amene ankakhala ku London, anakumana ndi Mozart ali mwana n'kumukhudza kwambiri pa kapekedwe. Ma sonata 555 a Domenico Scarlatti ali ndi dzina la sonata koma ambiri ndi a chigawo chimodzi cha mbali ziwiri zobwerezedwa. Ndipo fugue sinafe ndi Bach. Haydn anatseka ma quartet atatu a Op. 20 ndi fugue mu 1772, ndipo Kyrie ya mu Requiem ya Mozart ndi fugue ya machuni awiri imene ambiri amaiyesa ya Handel akaimva koyamba. Pa Kyrie imeneyo, mverani zoimbira zouzira zimene zikuimba limodzi ndi sopulano ndi alto: ndi ma basset horn, achibale a clarinet, amene anayamba kupangidwa Handel atamwalira kale.